Tenti Imene Amayi Anakana

Joni, 2 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Fyness ku Lirangwe, ndi iwe Enifa ku Chileka,

Ndikhulupirira nonse muli bwino pamodzi ndi amayi. Kuno tili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chanyanya, m'mawa sipanala imachita kuluma m'manja ku galaja. Mlamu wanu Naomi akupereka moni. Ana, Evelyn ndi Julius, akuti ndiwaperekere moni kwa agogo awo amene amangowaonera pa chithunzi.

Ndalembera nonse awiri kalata imodzi poti foni ya achemwali a Fyness chigwereni m'ndowa pamjigo paja siinadzukenso. Ndapatsira Aziz, dalaivala wa thiraki amene amatula katundu ku Chileka uja. Enifa, ukawerenga uitumize ku Lirangwe msanga, usaigoneke pa shelefu ya golosale yakoyo.

Nkhani ndi iyi. Ndikubwera mu Ogasiti, banja lonse. Zaka zisanu ndi zinayi zakwana ndisanaponde kwathu, manyazi akundigwira. Abwana andipatsa masiku khumi okha, ndipo asanu ndi limodzi athera panjira, kupita ndi kubwera. Ndiye anayi otsalawo ndikufuna tiwadye bwino.

Chaka chatha mzungu wina wokalamba anasiya ku galaja kwathu galimoto yakufa, ya mtundu uja m'kati mwake muli nyumba. Kuno amati kalavani. Ndinaigula ngati zitsulo zotaya, ndakhala ndikuikonza Loweruka lililonse, pano ikuyenda ndithu. Muli pogona, kasitovu ka gasi, kasinki, ngakhale makatani pa zenera. Mudzaseka mukadzaiona.

Maganizo anga ndi oti tonse, amayi, inu awiri ndi ife, tikakhale kuphiri la Zomba masiku anayiwo. M'nkhalango ya pamwamba paja muli malo amene anthu amaimikapo galimoto zoterezi, ena n'kukhoma matenti pambali. Matenti awiri ndabwereka kale.

Enifa, ndikukutuma iwe. Ndamva kuti malowo alipo angapo, upite ukawaone ndi maso, zithunzi za pa foni zimanamiza. Ukaonetsetse msewu, chifukwa galimotoyi ndi yaitali komanso yotsika pamimba. Poimika pakhale pathyathyathya. Madzi akhalepo, chimbudzi chikhale pafupi. Ukafunsenso bwinobwino za udzudzu, usaiwale zimenezo. Ya thiransipoti ndakutumizira pa foni.

Kumudzi ndidzafika, koma kugona sitidzagonako. Chifukwa chilipo, koma sindingachilembe m'kalata yodutsa m'manja ambiri.

Achemwali, mundiuze za mawondo a amayi, ndiponso ngati mwapezako kanthu kumunda chaka chino.

Ndine mlongo wanu,
Dyton


Lirangwe, 16 Juni 2024

Achimwene a Dyton,

Moni tamulandira. Kalata yanu yandipeza dzana, itagona ku Chileka sabata yathunthu. Yafika yotsegula kale, yowerenga kale, pakona pali mafuta a mandasi. Ine mkulu wa nonsenu ndimalandira nkhani ngati nzimbe yotafuna wina.

Mwafunsa za amayi. Mawondo atupa, makamaka lakumanzere. M'mawa ndimayamba ndawathowa ndi madzi otentha, kenako ndiwadzutse, ndiwagwirize mpaka kuseri, ndiwadikire, ndiwabweretse. Kuchipatala ndimawakweza pa njinga ine n'kumakankha. Chimanga chinapsa ndi ng'amba ija, tapezako pang'ono, koma nandolo akuoneka bwino.

Tsopano ndinene zakukhosi. Nditamva mphekesera mwezi wa Epulo kuti mwina mubwera, ndinazira chipinda chakum'mawa chija kawiri, ndinasoka denga pamene pamadontha, ndinagula mphasa ziwiri zatsopano. Atambala atatu ndawaletsa kugulitsa. Lero mukuti mukubwera ndi nyumba yanuyanu ya matayala, mukagona kuthengo. Achimwene, kuno munthu wogona m'nkhalango ndi wootcha makala. Anthu pamjigo ndidzawauza chiyani? Adzati mlongo wake wa Fyness wabwera patatha zaka zisanu ndi zinayi, koma nyumba ya Fyness waiona kuti siyogonamo munthu.

Chifukwa chimene mukuti simungalembecho musavutike nacho, ndachidziwa kale. Alamu a Naomi akunyansidwa ndi chimbudzi chathu chokumba. Ingonenani basi, sitikwiya, ndife akumudzi.

Koma chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti mwatuma Enifa. Enifa! Munthu wobwera kuno pa Khirisimasi ndi botolo limodzi la sikwashi, kujambulitsa ndi amayi, dzuwa lisanapendeke wakwera kale minibasi. Mawondo a amayi akuwadziwa ndani, iye kapena ine? Amayi akayenda mapazi angati asanapume, Enifa angakuuzeni? Ine chibadwire sindinakwerepo phiri limenelo, Zomba yeniyeniyo ndinangodutsamo kamodzi popita ku maliro. Koma poti wina ali ndi foni yotsetsereka ndi chala, ndiye wanzeru, ndiye wotumidwa, ndiye wolandira ya thiransipoti.

Nsanje ndili nayo, sindibisa ayi. Inu mukaimba foni mumaimbira ku Chileka. Katundu akabwera amatsikira ku Chileka. Kuno kumangofika zotsala ndi malangizo.

Amayi sindinawauze za kuphiriko, ndangowauza kuti mukubwera. Analira, kenako anandituma ndikawachapire chitenje chawo cha Mvano.

Mundiyankhe ine pandekha, m'envulopu yomata. Iyi ndaimata katatu dala.

Ndine mchemwali wanu,
Fyness


Chileka, 24 Juni 2024

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Ife tili bwino, bizinesi ikuyenda mwa apo ndi apo. Ndalemba papepala kuti ndijambule ndikutumizireni pa foni, chifukwa zonsezi kuti ndizitayipa chala chingathyoke.

Ntchito yanu ndagwira Lachisanu. Ndinatseka golosale, ndinakwera ya ku Limbe, kenako ya ku Zomba, kukwera phiri ndinakwera njinga yamoto. Koma abale, msewu umene uja! Kukhota ngati njoka, uku phompho, ine maso tsinzinu, ndagwira jekete la mwini njinga mpaka anandiuza kuti mayi mundipha. Pamwamba ndiye kuzizira, nkhungu kumachita kukulowa m'kamwa, fungo la paini lokhalokha.

Malo ndaona atatu.

Oyamba ali pafupi ndi damu. Kukongola kwake musachite kufunsa, kapinga ngati wa pabwalo la ndege, azungu ali ndi magalimoto awo, ana akuthamanga. Mtima wanga unagwa pomwepo, zithunzi ndajambulitsapo zambiri. Koma mphepo yochokera pamadzi ija imabaya, ndipo chimbudzi chili pamtunda, masitepe makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndinawerenga. Amayi sangakwere, ndiye ndinawasiya mtima ukuwawa.

Achiwiri ali m'katikati mwa mapaini, kuli zii. Vuto ndi njira yake, mathiraki onyamula matabwa anaikumba, pakati panatsala msana. Galimoto yanu yotsika pamimbayo ikhoza kukhala pamenepo matayala ali m'malere. Komanso anyani ake ndi amwano, wina anandilanda nthochi m'manja ine ndikuyang'ana.

Achitatu ali chakumunsi, m'mbali mwa kamtsinje, pansi pa mitengo yachilengedwe ikuluikulu. Sokongola ngati a padamu aja, netiweki ndiye imachita kusakidwa, koma ndasankha amenewa. Geti ndi lotakasuka, njira ndi ya miyala yotsendereka, poimika galimoto ndi pathyathyathya ngati pabwalo la sukulu. Mpopi ulipo. Madzi osamba amatenthetsa mu dramu ndi nkhuni, umangotsegula akutuluka otentha. Kuchoka poimika galimoto kukafika kuchimbudzi ndi mapazi khumi ndi awiri, opanda sitepe. Ndinatola ndodo n'kuyenda mokoka mwendo monga ayendera amayi kuti ndione ngati angakwanitse, mpaka mlonda wake anandifunsa ngati ndavulala. Za udzudzu anandiseka, akuti mwezi wa Ogasiti kumeneko udzudzu ungafe ndi chibayo. Ndawalembetsa dzina lanu kuyambira pa 11 mpaka pa 15.

Ndagulako masitiroberi kwa amayi ena ogulitsa m'mbali mwa msewu, koma anafika ku Chileka ataphwanyika.

Kalata ya achemwali a Fyness yopita kwa inu inadutsa pano, ndinaipatsira a basi ya Lachiwiri. Anaimata ngati muli golide. Akwiya, ndikudziwa, anthu ochokera ku Lirangwe akundiuza kuti dzina langa likutchulidwa pamjigo. Ine ndalakwanji, poti ndangotumidwa? Lamulungu likubwerali ndipita konko ndikawaonetse amayi zithunzi, mwina mitima ikhala pansi.

Alamu andibweretsereko nsapato zotseka, saizi sikisi, za kuphiriko.

Mchemwali wanu,
Enifa


Lirangwe, 9 Julayi 2024

Achimwene a Dyton,

Moni nonse. Yankho la kalata yanga sindinalione mpaka lero, kaya linasochera, kaya simunalembe. Ine ndilembabe, poti ndine wosafunika kuyankhidwa.

Nthumwi yanu inabwera Lamulungu la pa 30 Juni lija, itavala magalasi akuda ndi jekete la ubweya, kuno dzuwa likuswa mtengo. Inakhala pakhonde ndi amayi n'kumawatsetserezera zithunzi. Apa ndi pamene mudzakhale amayi, apa ndi pamene mudzasambe, madzi otentha otuluka okha. Kenako inaimirira n'kuwaonetsa mmene inayendera ndi ndodo poyesa mawondo awo. Amayi anaseka mpaka misozi, analuluta, akuti, “Enifa mwana wanga, wandiganizira mawondo angawa!”

Ine ndinali pomwepo, achimwene, ndikufinya kansalu kamene ndimawathowera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira mawondo amenewo m'mawa uliwonse, sindinamvepo akuti Fyness wandiganizira. Wina wangoyenda mapazi khumi ndi awiri ndi ndodo yotola, walandira nthungululu. Ndinalowa m'nyumba, ndinakhala pa mphasa zatsopano zija.

Sabata yonse nkhani inali ya phiri. Aliyense wodutsa ankaitanidwa kuti amve zoti mwana wawo wa ku Chileka wawapezera malo. Anandituma ndikawabwerekere juzi kwa a Maliyamu oyandikana nafe.

Koma tsopano zasintha, ndipo n'chifukwa chake ndalemba. Amayi akana, akuti kuphiriko sapita.

Ine ndinangowafotokozera zimene Enifa anazilumpha. Iye anawaonetsa mitengo ndi mipopi, za matenti sanatchule. Ndiye ndinawauza kuti kumeneko anthu amagona m'matenti. Inu mwakhalitsa kunja, mwina mwaiwala kuti kuno tenti imakhomedwa liti. Pakhomo pano inakhomedwa kamodzi kokha, tsiku limene tinaika bambo, yobiriwira ija tinabwereka kutchalitchi. Munthu wamkulu wamoyo kukalowa mu tenti ndi mapazi ake, ndiye kuti akuitana chiyani? Ndinawauzanso za mayi wina wa ku Chigaru, msinkhu wawo womwewu, amene ana ake a m'tauni anamutengera kuphiri komweko chaka chatha. Anagona mu tenti ali bwinobwino, m'mawa anamupeza ataumiratu, anatsika naye pa machira.

Amayi anati juzi ija ndikabweze. Kuyambira tsiku limenelo safuna kumva dzina la Zomba.

Ndiye poti amayi sapita, ulendo wa kuphiri wafa, sichoncho? Simungasiye mayi wanu pakhomo inu n'kukagona ndi anyani. Chipinda chilipo, ndachizira kachitatu. Chimbudzi ndaika chitseko chatsopano cha malata ndi chotsekera pabowo, alamu asaope. Galimoto yanuyo singafike kuno chifukwa cha chigwembe cha pa dambo chija, koma mukhoza kuisiya pa sitolo ya a Swaleh kumsewu, amalondera bwino.

Malo amene anasankha Enifa akagonepo yekha.

Ndine mchemwali wanu,
Fyness


Chileka, 28 Julayi 2024

Achemwali a Fyness,

Moni sindipereka wambiri, mtima wanga suli bwino.

Nayi kalata yanu yochokera kwa achimwene. Aziz wafika nayo dzulo, thiraki yake inagwidwa pa boda pafupifupi mwezi chifukwa cha mapepala a katundu. Onani bwino, ndi yomata, sindinatsegule, mafuta a mandasi palibe. Achimwene akhala akundiimbira kufunsa ngati yakupezani. Ndikawafunsa kuti muli chiyani akuti si zanga.

Ndinabwera Lachitatu lija inu muli kuchigayo, ndinachita dala kuti ndiwapeze amayi okha. Ndinawachonderera mpaka kugwada. Akuti, “Ukufuna ndikafere mu tenti ngati mayi wa ku Chigaru?” Ndiye ine ndafufuza. Ku Chigaru ndili ndi makasitomala, ndafunsa wogulitsa tomato, ndafunsa mkulu wa mpingo, ndafunsa ngakhale adzukulu okumba manda. Palibe amene akumudziwa mayi ameneyo. Dzina lake ndani, achemwali? Mudzi wake uti? Munamuumba nokha ngati m'phika.

Mukandida ine, ndideni, ndazolowera. Kuyambira tili ana mumati ine ndimakondedwa. Koma amene mwamulanga si ine ayi. Amayi anali atayamba kuyeserera kuyenda pabwalo kuti akalimbe kuphiri, lero angokhala pakhonde.

Achimwene ndawauza zonse. Anadula foni, n'kudzaimbanso pambuyo pake. Koma dziwani kuti ulendo sunafe. Akuti kuphiri apitabe, ndipo ku Lirangwe sagona, zivute zitani.

Enifa


Joni, 30 Juni 2024

Achemwali anga a Fyness,

Iyi ndi yanu nokha, yomata monga munanenera. Kalata yanu ndailandira, ndawerenga kawiri, yandipweteka chifukwa zambiri mwanena ndi zoona. Ndakhala ndikudutsira kumene kuli kophweka, kumene kuli foni. Pepani.

Koma za Naomi mwamulakwira. Chimbudzi chokumba anakulira nacho kwawo, sachiopa. Nkhani ndi yakuti mlamu wanu ndi woyembekezera, mu Ogasiti idzakhala miyezi isanu. Mukudziwa mwambo wathu, zoterezi sitilengeza zisanaoneke zokha, n'chifukwa chake sindinalembe m'kalata ija. Chinanso chimene simukudziwa, pambuyo pa Julius tinataya awiri, wachiwiriyo atatsala pang'ono. Sitinauze munthu. Adokotala ati ulendo ayende, koma asagone kumene kuli udzudzu ngakhale usiku umodzi, poti thupi lake malungo siliwadziwa. Inu mukudziwa udzudzu wa kwathu mmene umachitira chifukwa cha dambo lija, neti kapena popanda neti. Ndinaganiza zomusiya, iye anakana, akuti akufuna amayi amugwire pamimba ndi dzanja lawo, ndiponso inu mumulangize monga mkulu. Ndiye ndinati tipeze malo ozizira oti tonse tikakhale pamodzi. Phiri lija ndi la chifukwa chimenecho.

Enifa musamuuze. Ndi mwana wabwino, koma pakamwa pake mukupadziwa, Chileka yonse ingamve dzuwa lisanalowe. Ndauza inu nokha, ndipo amayi mudzawauze ndinu, nthawi imene muone kuti ndi yabwino.

Mwafunsa chifukwa chimene ndinatumira iye. Achemwali, inu mukanachoka tsiku lathunthu, amayi akanawadzutsa ndani? Enifa akatseka golosale palibe amene amagwa. Inu mukachoka pakhomo pamaima.

Tsopano imvani mmene ndakonzera. M'galimotomo muli mabedi awiri. Laling'ono ndi la Naomi. Lalikulu lakumbuyo, la matiresi atsopano, ndi la amayi ndi inu. M'matenti tigona ine, ana ndi Enifa, amayi tenti sadzaikhudza n'komwe. Ndipo masiku anayi amenewo inu simudzagwira ndowa, simudzakoleza moto, simudzatsuka mbale. Kuphika ndi kwanga, kuthowa mawondo Naomi ndi Enifa adzasinthana. Inu mudzangokhala pampando pansi pa mtengo, tiyi akubwera. Evelyn wasankha yekha bulangete lofiira loti likhale la azakhali ake aakulu. Kuyambira pamene bambo anatisiya simunagonepo tulo tosadzukira munthu, ine ndikudziwa ngakhale ndili kutali.

Chipinda munazira chija musadandaule nacho, chaka chamawa mwana akabadwa tidzagonamo.

Muwakonzekeretse amayi pang'onopang'ono. Amamva inu kuposa tonsefe, mukati tiyeni adzapita.

Ndine mlongo wanu,
Dyton


Lirangwe, 13 Ogasiti 2024

Achimwene,

Muli bwanji kuphiriko? Alamu adzuka bwanji, kuzizira sikukuwavuta? Ana akusangalala? Ndikufunsa ngati kuti mundiyankha, chonsecho kalatayi ilibe woipatsira, nonse muli komweko.

Lamulungu lija munakhala pakhomo pano maola atatu. Ndinawerenga. Munadya tambala mmodzi, awiri akadali kuyenda pabwalo. Munandipatsa moni bwinobwino, munandipatsa bulangete lofiira, za mayi wa ku Chigaru simunandifunse ngakhale liwu limodzi. Bwenzi mutandikalipira, achimwene. Ine ndinangoti zyoli kukhitchini, kukamba ndi inu maso ndi maso kunandikanika, ndiye ndikamba pano.

Mayi wa ku Chigaru kulibe. Ndinamupeka ndekha ndili pa mphasa, tsiku limene amayi anamululutira Enifa. Ndinkafuna malo ake aja agwe, inu mubwere mugone m'nyumba mwanga, anthu aone. Zoti amayi akagona mu tenti sindinkazidziwa, ndinangonena poti ndimadziwa pamene mtima wawo uli pofewa.

Kalata yanu itandipeza ndinaiwerengera kuseri kwa khola. Tsiku lomwelo ndinakagwada kwa amayi. Ndinati amayi, tenti simukagonamo, muli bedi m'galimoto, langa ndi lanu. Anati tentiyo ikakhala pambali pomwepo, ndikaiona ndi maso, n'chimodzimodzi. Ndinawauza za alamu, kuti akufuna dzanja lanu. Analira ndi chimwemwe, koma anati dzanja ndidzamugwira pakhonde pano. Pamenepo ndinaulula. Ndinati amayi, ndinakunamizani, mayi uja kulibe, palibe anafa, ndinachita nsanje ndi Enifa.

Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anandiyang'ana n'kuseka. Akuti, “Fyness, iwe chibadwire sunandinamizepo. Akutuma anzakowo kuti unene zimenezi, eti? Usaope, ine sindipita.”

Ndabwereza katatu masiku osiyana. Ndalumbira, ndagwira Baibulo, ndaitana a Maliyamu kuti akhale mboni. Ndikamalimbikira m'pamene akukhulupirira kwambiri kuti mukundikakamiza. Munalemba kuti amamva ine kuposa nonse. Amamvadi, koma anamva kamodzi, za ulendo woyamba zija.

Munaona nokha mmene anakugwirirani malaya pochoka, kukupemphani kuti ana asagone mu tenti. Chichokereni inu sakudya bwino. Amakhala pakhonde kuyang'ana kumene kuli phiri, kunja kukayera limaoneka pang'ono kuseri kwa mibawa ija, n'kumatchula maina anu mmodzimmodzi kuti Mulungu akutsitseni amoyo. Mantha amenewo ndinawapatsa ndine, ndipo ndikulephera kuwalanda. Mwana wawo wabwera patatha zaka zisanu ndi zinayi, ine ndawadyera masiku anayi n'kuwasiyira maola atatu. Pa msinkhu wawowu sindikudziwa ngati mudzawapezenso.

Nsanje sinathe, ndisakunamizeninso. M'mawa uno ndikuthowa mawondo ndimaganiza kuti pa bedi lalikulu lija pagona Enifa, tiyi uja akumwa ndi iye, alamu akuwalangiza ndi iye amene sanagwirepo mwana wobadwa kumene. Zikundiwawa kwambiri. Koma pano ndilibe woti ndimuloze chala.

Dzulo madzulo amayi anandigwira dzanja pamaso pa a Maliyamu. Akuti, “Ana anga enawa akanakanditaya kuphiri. Wondiganizira pakhomo pano ndi Fyness yekha.” Mawu amenewo ndawadikira zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene. Ndinasiya beseni pomwepo n'kukalira kuseri kwa nyumba.

Munatsanzika kale, munati Lachinayi mudzangodutsa kuti mukapeze boda isanadzaze. A Maliyamu avomera kukhala ndi amayi m'mawa umenewo. Ine ndidzaima pa sitolo ya a Swaleh kuyambira dzuwa likutuluka, kalatayi ili m'manja, ndi nandolo pang'ono wa alamu. Galimoto yanu sindinaione n'komwe, koma akuti ndi yoyera, yaitali, ya makatani, ndidzaizindikira.

Mukaona kuti simungaime, mudzangochepetsako liwiro, ndidzaponyera pa zenera.

Ndine mchemwali wanu,
Fyness